Pepala Londiyeretsa

Amayi anu akuti chipumireni ntchito ndikuyendayenda m'nyumba ngati nkhuku yofuna poikira. Sakunama. Ndimadzuka nthawi yomwe ija, kusamba, kuvala nsapato, kenako n'kukumbukira kuti palibe kumene akundidikira. Ndiye ndagula kope kuti manja apeze chochita. Za ku Nsanje kumene ndinabadwira ndizisiya, munazimva kwa azakhali anu mpaka kutopa nazo. Ndilemba za ntchito, ndipo mkati mwake muli nkhani ina imene inu ana anga simunaimvepo kuchokera pakamwa panga.

Limbe, ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu

Ntchito yanga yoyamba inali pa kampani ina yaing'ono yosindikiza mabuku, kuseri kwa msika wa Limbe. Mwini wake tinkangomuona Lachisanu. Amene ankatiyang'anira anali a Likoswe, folomani, bambo wamfupi wa ku Mulanje amene sankayenda popanda pensulo kukhutu. Anandilandira ndi chidebe ndi nsanza, n'kundiuza kuti munthu amene sanatsukepo makina sayenera kuwayatsa. Chaka chonse choyamba ndinkatsuka, kusanja mapepala, ndi kusakaniza inki. Zala zanga zinada mpaka kutchalitchi ndinkachita manyazi kupereka moni. Koma ntchitoyo ndinaikonda. A Likoswe ankamva vuto la makina ndi khutu lokha, ali panja akudya chinangwa, ndipo pang'ono ndi pang'ono khutu limenelo anandipatsira. Pofika chaka chachitatu ndinali ndi makina anga aang'ono, ndikusindikiza makadi a ukwati, ndondomeko za maliro, ndi zikalata za mipingo. Popeza ndinkakhala pafupi, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ina ku Mpingwe, anandipatsanso kiyi kuti ndizitsegula m'mawa. Ndinalembera makolo kalata yodzitama za kiyi ameneyo.

Chaka chomwecho tinalandira ntchito yosindikiza mayeso a sukulu ina yophunzitsa zaukalaliki. Kutatsala masiku anayi kuti ophunzira alembe, mapepala aja anapezeka akugulitsidwa pamsika. Apolisi anabwera Lolemba m'mawa n'kufunsa amene amasunga kiyi. Makiyi analipo awiri, anga ndi a a Likoswe. A Likoswe anati awo anali atasowa kalekale. Sindikudziwa mpaka lero ngati ankanena zoona, ndipo poti anamwalira, sindiwasenzetsa mlandu. Chimene ndikudziwa n'chakuti kukhoti ndinaima ndekha, wopanda loya, ndipo ndinkayankha mafunso amene sindinkawamvetsa. Anandigamula kuti ndikakhale kundende chaka ndi theka.

Ndili ndi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri

Za kundende sindilemba zambiri. Ndinadwala mphere, ndinaphunzira kugona chammbali, basi. Wansembe wina amene ankabwera kudzatipempherera anamva nkhani yanga n'kuitengera kwa loya wina wa mumpingo mwake, ndipo loyayo anachita apilo ku khoti lalikulu osandilipiritsa kanthu. Chigamulo chinatuluka nditakhalamo kale chaka ndi mwezi umodzi. Woweruza anati kusunga kiyi si umboni wakuba, ndipo anafufuta mlandu wonse. Ndinatuluka ndi pepala la masamba atatu, lokhala ndi chidindo chofiira. Ndinkaganiza kuti Lolemba lotsatiralo ndikhala ndili pa makina.

Ku Limbe kuja anandiuza kuti malo anga analowapo wina. Kwina kulikonse ankafuna kalata ya kupolisi yotsimikiza kuti ndilibe mlandu. Nditapita kukadinda zala, kalata inabwera mlandu uja ukadalipo. Sikuti wina anandichitira nkhanza, koma mapepala sayenda okha, amafuna miyendo ya mwini wake. Ndinatenga chigamulo chija, kukachidinditsanso kukhoti, kukwera basi ya ku Lilongwe kumene amasunga zidindo za zala, kubwerako, kuuzidwa kuti pakusowa kalata ina, kupitanso. Ndinayenda maulendo atatu, ndipo kuti ndikwanitse ndinagulitsa wailesi ndi jekete. Patatha miyezi isanu ndi iwiri ndinalandira kalata yoyera. Ndinaiwerenga nditaima pakhonde la sitolo ina mu Victoria Avenue, n'kuiwerenganso, ngati kuti mawu atha kusintha.

Koma pa fomu iliyonse yofunsira ntchito panali funso lakuti kodi munayamba mwapezekapo olakwa kukhoti. Ine ndinkalemba kuti inde, n'kulongosola m'munsi mwake kuti mlandu unafufutidwa, n'kumatapo chigamulo chija. Ndinkaona ngati chilungamo chindithandiza. Ndinazungulira mtawuni, ku Ginnery Corner, ku Chirimba kumafakitale, mpaka nsapato zinabooka. Anthu osindikiza mabuku mu Blantyre ndi ochepa ndipo amadziwana, choncho malo ena ndinkapeza dzina langa litafika kale. Manijala wina, munthu waulemu ndithu, anawerenga masamba onse atatu, n'kundibwezera ndi manja awiri.

"A Semba, ine ndamva kuti khoti lakuyeretsani," anatero. "Koma makasitomala athu sawerenga zigamulo. Akangomva kuti uja wa mayeso ali pano, ntchito azikapereka kwina."

Zaka ziwiri ndinakhala ndikusoka mabuku ong'ambika a ana asukulu pakhonde ndi kusema zidindo za labala. Ndi nthawi imeneyi ndinakwatira amayi anu, ndipo iwo ankadziwa zonse kuyambira tsiku loyamba. Ndi iwo amene anandikakamiza kuti ndibwerere kwa loya uja ndikafunse za funso limeneli. Loyayo anaseka, koma mosakondwa. Anandiuza kuti pamaso pa malamulo ine sindinapezekepo wolakwa, ndipo yankho loona pa funso limenelo ndi ayi. Anati zaka ziwiri zonsezi ndakhala ndikudzimanga ndekha.

Mandala, ndili ndi zaka makumi atatu

Ku Mandala kunatsegulidwa kampani yatsopano yosindikiza, ndipo woyendetsa wake anali mayi Namate. Anali mkulu wa mpingo, wa banja lakale la mu Blantyre momwemo, ndipo anali atagwira ntchito za mu ofesi, osati zosindikiza, choncho dzina langa sankalidziwa. Pa fomu ndinalemba ayi, n'kumatapo kalata yoyera ija. Pamenepo sindinaname. Koma atandifunsa kuti zaka zinayi zapitazi ndinali kuti, ndinati ndinali kumudzi ndikudwazika bambo anga. Limenelo linali bodza, ndipo linatuluka mosavuta moti ndinadabwa nalo. Anandiyesa pa makina kwa ola limodzi n'kundiuza kuti ndiyambe mawa.

Mayi Namate anali ovuta koma osakondera. Cholakwa chimodzi pa kalendala ankachiona ali pakhomo. Sankakalipa, ankangoika pepala patsogolo pako, kuloza ndi chala, n'kuchokapo. Tinadutsa nawo m'nyengo zowawa. Panali chaka china ndalama zakunja zitasowa m'dziko, mapepala osabwera, inki yakuda osapezeka. Tinkatolera zodulidwa za m'mphepete n'kupangira timabuku ta malisiti, ndipo ine ndinkasakaniza zotsalira za m'zitini zonse kuti zitulutse mtundu woyandikira kukuda. Magetsi akazima tinkakhala pansi kupinda mapepala ndi manja, mayiwo ali nafe pomwepo, atavula nsapato. Lamba wa makina akulu ataduka ndinakasoketsa kwa wosoka nsapato ku Ndirande, ndipo anagwira ntchito miyezi isanu ndi itatu. Pa zinthu ngati zimenezi ndi pamene anayamba kundidalira. Anandikweza kukhala folomani, kenako anandipatsa makiyi a chipinda chamkati, mmene tinkasindikiziramo ntchito zachinsinsi monga mayeso a masukulu ndi matikiti.

Mungaganize kuti pamenepa mtima unakhala pansi. Ayi ndithu. Zaka zonsezo, mlendo aliyense akalowa pageti ndinkayamba ndamuyang'ana nkhope kuti ndione ngati ndi wa ku Limbe kapena wa kundende. Tsiku lina munthu wina anandiitana m'minibasi ndi dzina limene ankanditchula m'selo, ndipo ndinatsikira pa siteji yosakhala yanga n'kuyenda wapansi. Chipinda chamkati ndinkachikhoma, kufika pageti, kubwereranso kukagwedeza chitseko. Anzanga ankati a Semba ndi munthu wosamala kwambiri. Sankadziwa kuti ndi mantha.

Mandala, ndili ndi zaka makumi anayi ndi zisanu ndi zinayi

Wodula mapepala wathu atapuma tinaitana anthu kuti adzayesedwe. Makina odulira ali ndi mpeni wautali kuposa mkono wanga, ndipo safuna munthu wa phuma. Mwa anthu asanu ndi mmodzi amene anabwera, mmodzi anaposa onse. Dzina lake anali Fanuwelo Mulinde, bambo wa zaka makumi atatu ndi zisanu, wa ana awiri, wofatsa polankhula. Anasanja mulu wa mapepala ndi zikhatho, kuyeza kamodzi, kudula, ndipo m'mphepete munasalala ngati mbale. Nditatenga fomu yake ndinaona kuti pa funso lija walemba inde. Ndinamutengera kuseri kwa nyumba n'kumufunsa. Sanazembe. Anati mlamu wake ankamenya mlongo wake kwa zaka, ndipo tsiku lina atamupeza mlongoyo atatupa nkhope yonse, anatola mpini n'kuthyola mlamuyo mkono ndi nthiti. Anakhala kundende zaka zitatu, ndipo kudula ndi kusoka mabuku anakuphunzirira komweko. Ndinamufunsa ngati anaganizapo zongolemba ayi. Anati kalata ya kupolisi ikanamuulula, komanso anatopa ndi kuthamangitsidwa pakatha mwezi. Bola amukane pakhomo pomwe.

Mayi Namate anakana. Anati munthu wa mtima wapachala sangamuike pa mpeni, pakati pa anthu makumi awiri, ndipo anandiuza kuti nditenge wachiwiri wake. Ndinati chabwino, n'kutuluka.

Sabata imeneyo sindinagwire ntchito bwino. Pa nthawi yomweyo mpando wa woyang'anira ntchito zonse zosindikiza unali utatsala pang'ono kukhala wopanda munthu, ndipo aliyense ankadziwa kuti ndi wanga. Iwe Tereza unali ku koleji, Mateyu ali folomu 3, nyumba ya ku Chirimba ino isanafoleredwe. Ndinkadziuza kuti nkhani ya Fanuwelo ndi yosiyana ndi yanga: ine sindinalakwe, iye analakwa ndipo akuvomera. Ine ndinali ndi pepala londiyeretsa, iye sadzakhala nalo mpaka kufa. Koma ndikaganiza choncho ndinkaona kuti ndiye kuti iyeyo ali pamavuto kuposa amene ine ndinali nawo, ndipo angawo ndinatsala pang'ono kulephera kuwapirira. Loweruka masana, amayi anu akuchapa kuseri, ndinawauza zimene zinali mumtima mwanga. Anapitiriza kufikisa malaya kwa kanthawi. Kenako anati iwo sangandiuze chochita, koma atopa kugona ndi munthu amene amadzidzimuka galimoto ikaima pamsewu.

Lolemba ndinalowa mu ofesi ya mayi Namate ndi envulopu. Ndinawapempha kuti awerenge asanalankhule. Anavala magalasi, kuwerenga masamba atatu aja mpaka kumapeto, n'kubwereranso pa tsamba loyamba kukaona chaka.

"Ndiye bambo anu sanadwale?" anafunsa.

"Sanadwale, mayi. Ndinali kundende, kenako ndinali pakhonde ndikusoka mabuku."

"Mlandu wa mayeso. Ndipo ine ndinakupatsani makiyi a chipinda cha mayeso."

"Munandipatsa, ndipo zaka khumi ndi ziwiri palibe pepala limene linatuluka."

Anandifunsa chifukwa chimene ndikuululira tsopano, poti palibe amene wandigwira. Ndinawauza kuti akanadziwa tsiku lija sakanandilemba ntchito, ngakhale khoti linali litandiyeretsa, ndipo lamba uja sakanasokedwa ku Ndirande. Ndinati munthu amene akumukana lero wawauza zoona pa fomu, chinthu chimene ine ndinachiyesa zaka ziwiri n'kuchisiya chifukwa cha njala. Ndinapempha kuti amuyese miyezi itatu, ndipo akalakwitsa tichoke tonse awiri. Mayi Namate anayang'ana pawindo. Pomaliza anati Fanuwelo abwere Lachitatu. Ndikunyamuka, anatambasula dzanja.

"Makiyi aja mundisiyire, a Semba. Za khoti ndazimva, ndipo ndazikhulupirira. Koma munandinamiza mukundiyang'ana m'maso."

Ndinawachotsa pa lamba wanga n'kuwaika patebulo.

Zaka khumi ndi chimodzi zotsatira

Mpando uja sindinaupeze. Anabweretsa munthu wina wa dipuloma wochokera ku Lilongwe, ndipo ine ndi amene ndinamuphunzitsa kusiyanitsa mapepala. Ndinakhalabe folomani mpaka kupuma. Nyumba ino inatenga zaka zina zinayi kuti ifoleredwe, ndipo mukukumbukira mmene tinkatchingira mvula ndi mapulasitiki. Nkhani inamveka pakampani, sindikudziwa kuti inadzera kuti. Ena anasiya kundisiyira zikwama zawo akamapita kukadya. Wina ataledzera pa phwando la Khirisimasi ananditchula kuti kaidi, anthu n'kuseka mwamanyazi. Mayi Namate sanasinthe ulemu wawo kwa ine, koma moni wathu unafupika, ndipo magetsi akazima sankakhalanso pafupi nane popinda mapepala.

Fanuwelo sanali mngelo. Chaka chake chachiwiri anakangana ndi dalaivala wina mpaka kumugwira pakhosi pa malaya, ndipo ine ndinaima pakati pawo ndikudziwa kuti chibakera chimodzi chitichotsa tonse. Anamusiya, n'kupita kukakhala kuseri ola lathunthu. Sizinachitikenso. Anagwira nafe zaka zisanu ndi ziwiri osadula chala cha munthu kapena kuwononga ntchito ya kasitomala, kenako anakatsegula kashopu kake kosoka mabuku ku Limbe. Sanadziwe zimene ndinachita mu ofesi muja mpaka atatsala pang'ono kuchoka, ndipo atamva anangobwera kudzaima pafupi ndi makina anga n'kundithandiza kunyamula mapepala.

Musaganize kuti ndinkangoyenda ndi mtima woyera. Panali masiku ndinkaona galimoto ya kampani ikutenga munthu wa dipuloma uja, ine ndikudikira minibasi pamvula, n'kumadzifunsa ngati sindinagulitse tsogolo lanu chifukwa cha munthu wosamudziwa. Funso limenelo silinathe, ndipo inu ndi amene mungaliyankhe. Chokhacho chimene ndinapindula n'chakuti ndinasiya kuyang'ana pageti.

Chirimba, mwezi wathawu

Lachiwiri lina m'mawa ndikuthirira mpiru, pageti panaima mayi wachikulire wa ndodo. Ndinatenga kanthawi kuti ndiwazindikire. Mayi Namate anapuma ntchito ine ndisanapume, ndipo tinali tisanaonane zaka zisanu. Anabwera pa minibasi, okha, akufunsa njira kwa anthu ogulitsa makala. Amayi anu anawapatsa mpando pakhonde n'kupita kukatereka tiyi. Tinafunsana za matenda, za ana, za amene anamwalira. Kenako anatsegula chikwama n'kutulutsa envulopu.

Mdzukulu wawo wamkazi, amene anamulera okha, ankagwira ntchito pa sitolo ina yogulitsa mankhwala. Katundu atasowa anamangidwa pamodzi ndi anzake awiri, n'kukhala kundende miyezi isanu ndi inayi khoti lalikulu lisanafufute mlandu wake. Tsopano papita chaka, kalata ya kupolisi ikubwerabe ndi mlandu, ndipo kulikonse kumene wafunsira ntchito sakumuitana. Masiku ano, anatero, mabwana amangolemba dzina la munthu pa foni n'kupeza chithunzi chake ali pakhoti, koma za kufufutidwa kwa mlandu palibe amene anazilemba. Mtsikanayo wasiya kutuluka m'chipinda. Mayiwo anati m'banja mwawo ndi mumpingo mwawo monse munalibe munthu amene akanamufunsa zimenezi popanda nkhani kufalikira.

"Ndaganiza za inu masiku ambiri ndisanalimbe mtima," anatero, maso ali pa envulopu. "Tsiku lija ndinaona bodza lanu lokha. Sindinafunse kuti chinakufikitsani pa bodzalo n'chiyani. Tsopano ndachiona m'nyumba mwanga."

Ndinali nditakonza mawu ambiri m'zaka zonsezi oti ndidzawauze tsiku ngati limeneli, koma onse ndinawaika pambali. Ndinawapempha chigamulocho n'kuchiwerenga. Chinalibe chidindo cha kukhoti chotsimikiza kuti ndi chenicheni, ndipo ndinawauza kuti poyambira ndi pamenepo. Ndinawafotokozera makomo onse mwa ndondomeko yake, ngakhale ndinawachenjeza kuti zina mwina zinasintha. Anayamba kulemba kuseri kwa envulopu, koma ndinaona kuti ndi ndodo imeneyo masitepe a kukhoti sakawatha.

Ndinawauza kuti asiye kulemba. Ndinati Lachinayi mtsikanayo adzandipeze pa depoti ya minibasi ku Limbe nthawi ya seveni, atatenga chiphaso chake ndi zithunzi ziwiri, tidzayende tonse. Anafunsa kuti nanga akakana kutuluka m'chipinda.

"Mukamuuze kuti amene akumudikirayo anakhalako kundende chaka ndi mwezi umodzi," ndinatero. "Adzabwera."

Lachinayi ndinafika pa depoti isanakwane seveni. Mtsikanayo anali atafika kale, ataima pafupi ndi mayi wogulitsa nthochi, envulopu ataikumbatira pachifuwa.